Nambala ya Apongozi Anga

Ku tchalitchi kwathu ku Kapata kuli benchi ina kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, imene anthu saikonda chifukwa mwendo wake umodzi ndi waufupi. Ine ndimakhala pamenepo masiku ano. Palibe amene anandithamangitsirako, ndinapita ndekha, ndipo palibenso amene anandiitana kuti ndibwerere kutsogolo. Nkhani yake ndi ya nambala, kompyuta ndi apongozi anga aamuna, zinthu zimene munthu wanzeru saziika m'chipinda chimodzi.

Ndiyambe ndi apongoziwo. Dzina lawo ndi a Zakeyo Zulu, ahedi opuma ntchito, munthu wamtali, wosanena chinthu kawiri. Anaphunzira ku sukulu ya mishoni nthawi imene mwana ankalandira chikoti chifukwa cha chilembo chopendekeka, ndipo mpaka pano akakutumizirani uthenga pa foni amaika mpumiro ndi mpatuliro pamalo pake. Ali ndi munda ndi ng'ombe ku Chiparamba, koma mtima wawo uli ku tchalitchi. Mpingo wathu unayambira pakhonde pa nyumba yawo. Nkhani imeneyi saisimba okha, amangokhala chete mpaka wina aisimbe, iwo n'kumagwedeza mutu. Ine ndinakwatira mwana wawo womaliza, amake Dalitso. Zaka zonsezi sanandinyozepo, sanandiyamikirepo. Amandiitana kuti "atate ake Dalitso", ngati kuti ntchito imene ndinaigwirapo bwino ndi yokhayo.

Chaka chimenecho mpingo unali kukonzekera chikondwerero chokumbukira kuyamba kwake, ndipo akulu a mpingo anagwirizana zoti mkhristu aliyense alandire khadi lokhala ndi dzina ndi nambala yakeyake. Chifukwa chake chinali chomveka. Kwathu kuno mukafuula kuti "a Phiri!" theka la tchalitchi limatembenuka, mukati "a Banda!" limatembenuka theka linalo. Tinali ndi a Mary Phiri atatu. Tsiku lina mmodzi atadwala, amayi a Chigwirizano anakazonda wina amene anali bwinobwino, anamupeza akuchapa. Shuga ndi nkhuku analandira, osafunsa.

Mwana wa mkhristu wina amene amagwira ntchito ku Lusaka anali atapereka kompyuta yakale, ya chibokosi chija cholira ngati chigayo chakutali. Anaiika mu kaofesi ka kuseri kwa guwa, ndipo maso onse anagwera ine. Ndine kalaliki pa sitolo ina ya zipangizo zomangira m'tauni, ndipo ndinachitako kakosi ka kompyuta ka miyezi yochepa (setifiketi ili pakhoma kunyumba, pamalo poti mlendo asaiphonye). Za detabesi tinaziphunzira masana amodzi okha, malaiti atapita, aphunzitsi akungojambula pa bolodi. Zimenezi abusa sindinawauze.

"Mungathe?" anandifunsa.

"Imeneyo si ntchito, abusa, ndi masewera," ndinatero, n'kukapempha tchuthi cha mlungu umodzi kuntchito.

Vuto lalikulu, m'mene ankaonera akulu a mpingo, silinali la makina. Linali lakuti nambala wani apatsidwe ndani. Kunali a Sakala, womasulira wakale wa kukhoti, amene amanena kuti khonde linalidi la a Zulu koma pemphero loyamba pakhondepo analipemphera ndi iwo. Awiriwa akhala akupatsana moni waulemu kwambiri kwa zaka zambiri, ulemu uja umene umachititsa anthu oyandikana nawo kuyang'ana pansi. Akulu anakhalira nkhaniyi misonkhano ingapo, ndipo pomaliza anagamula: a Zulu wani, a Sakala thu, ena onse motsata m'mene analowera mumpingo. Mayi Mwanza, mlembi wa mpingo, anataipa mayina onse mwa dongosolo limenelo, anthu opitirira mazana atatu, n'kundipatsa pa fulashi, kachipangizo kosungiramo zolemba za pa kompyuta.

Kwa inu amene simunakumane nayo, detabesi ndi kaundula wa m'kompyuta. Mumapanga chinthu chotchedwa tebulo (si la miyendo, ndi mizere chabe yopingasa ndi yotsika), ndipo mzere wotsika uliwonse amautcha kolamu: ina ya dzina, ina ya kumene munthu akhala, choncho. Kolamu yoyamba imakhala ya nambala. Manambalawo mutha kuwalemba nokha ngati munthu wamba. Koma pali kanthu kena kotchedwa otonamba. Mukasankha kameneko, mukangolemba dzina kompyuta imapereka yokha nambala, wotsatira n'kumupatsa yotsatira, osabwereza, osapatsa anthu awiri nambala imodzi. Ine ndinasankha otonamba, poti munthu wa setifiketi sawerenga ndi zala.

Lolemba m'mawa ndinapanga tebulo langa, ndipo monga munthu wosamala ndinati ndiyambe ndayesa. Ndinalemba kuti Galu, inapereka 1. Mphaka, 2. Mbuzi, 3. Ndinawonjezera Bakha ndi Nkhunda chifukwa chongosangalala. Zinayenda bwino moti ndinayang'ana kukhomo kuti mwina kukudutsa munthu woti aone. Kenaka ndinafufuta ziweto zonsezo, tebulo n'kukhala loyera. Ndinawongola msana, n'kulemba pang'onopang'ono mwaulemu: Zakeyo Zulu.

Inapereka 6.

Sindinade nkhawa. Ndinaganiza kuti sinamve bwino, ndiye ndinawafufuta apongozi anga n'kuwalembanso. Inapereka 7. Ndinaika kachizindikiro pa 7 pajapo kuti ndilembepo 1 ndi dzanja langa, kompyuta inangolira kuti ding'! osalola. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso: 8. Ndinaizula kukhoma, n'kupita kukagula chitumbuwa kumsewu kuti iziziritse mutu ndi kuiwala: 9. Ndinayesa kulemba dzina ndi zilembo zazikulu zokhazokha, poganiza kuti ikazindikira kuti ndi munthu wamkulu ichita manyazi. Ndinayesanso kuyamba ndi mawu akuti Ahedi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti otonamba ili ngati mano a munthu wamkulu: lochoka lachoka, silimeranso. Nambala 1 inapita ndi Galu, ndipo inapitiratu.

Pofika kunyumba ndinapeza amake Dalitso akusita yunifomu yawo (ndi namwino, ndipo amafunsa mafunso ngati akufunsa wodwala amene akumuganizira kuti akubisa matenda). Ndinawafotokozera mwachidule, ndikuchepetsa pena ndi pena.

"Ndiye atate ali pa nambala chani tsopano?"

"47."

Anaika simbi pansi. "Akukwera kapena akutsika?"

"Pakali pano akukwera."

"Akukwera okha?"

"Iyayi, ndikawakhudza."

"Ndiye lekani kuwakhudza. Imbirani aphunzitsi anu aja a kosi."

Ndinawauza kuti zinthu zimenezi sangazimvetse, n'za akatswiri. Iwo anatenga simbi n'kupitiriza kusita. Kuimbira aphunzitsi kukanatanthauza kuvomera kuti masana aja a detabesi ndinkawodzera, ndipo ndinali ndisanafike povomera zimenezo.

Lachiwiri lonse ndinawakhudza. Lachitatu chakum'mawa ndinamva nsapato pakhonde la kaofesi, kuyenda kosathamanga kumene ndimakudziwa ngakhale nditatseka maso. Apongozi anga anali pa 112 nthawi imeneyo, okhaokha pa tebulo lonse, nambala ili poonekera. Ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa sikirini.

"Mwauka bwanji, atate ake Dalitso?"

"Ndauka bwino, atate, kaya inu?" ndinayankha nditaimirira, manja nditagwira kutsogolo.

"Ndimadutsa. Ndinati ndione m'mene dzina langa likuonekera m'makinamo."

"Pepani atate, malaiti angopita kumene."

Anakweza maso. Babu la kudenga linali kuyaka. Chibokosi pansi pa desiki chinali kulira ngati masiku onse. Anayang'ana babu, anayang'ana chibokosi, n'kudzayang'ana ine, kayang'anidwe kamene kanaumitsa ana a sukulu ambiri pa nthawi yawo.

"Malaiti a sikirini ndi ena," ndinawonjezera. Palibe amene anandifunsa.

"Ndamva," anatero. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Tsiku lomwelo ndi pamene ndinapeza nzeru imene mpaka pano ndimachita nayo manyazi kuposa zina zonse. Amalume anga anali ndi galimoto yakale ya bokosi imene ankanyamulira mtedza, ndipo ndinkakumbukira kuti kawotchi kake kowerenga mtunda kanafika pa manayini okhaokha, kenaka kanatembenuka n'kuyambiranso pa ziro. Ndinati chinthu chilichonse chopangidwa ndi munthu chili ndi polekezera. Ngati nambala sikufuna kubwerera m'mbuyo, ndiithamangitsa chakutsogolo mpaka izungulire. Malire ndinawaganizira kuti ali pa 999, popanda chifukwa china koma chakuti ndi pamene ndinkafuna kuti akhale.

Ndinayamba. Chilembo chimodzi, kutsika mzere. Chilembo chimodzi, kutsika mzere. Lachitatu masana onse, Lachinayi lonse. Amayi a Chigwirizano amene amakumana Lachinayi anamva kugogoda kosalekeza kwa kiyibodi, ndipo mmodzi anasuzumira n'kukauza anzake kuti mkamwini wa a Zulu ndi wolimbikira zedi. Ananditumizira tiyi ndi mbatata. Ndinadya.

Nditafika pa 999 ndinaima. Ndinafufuta zinyalala zonse, ndinasamba m'manja, ndinapempherako pang'ono (munthu uli kale m'tchalitchi, palibe chotaya). Kenaka ndinalemba dzina la apongozi anga.

1000.

Kolamu sinavutike n'komwe. Malo analipo ambiri.

Lachisanu m'mawa ndinaimbira aphunzitsi anga a kosi. Ndinayamba ndi kunena kuti pali mnzanga wina amene ali ndi vuto. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka foni inakhala chete, ndipo ndinazindikira kuti aichotsa kukamwa kuti aseke bwino.

"Mnzanuyo amafuna ifike pati kuti izungulire?" anafunsa atabwerera.

"Amaganiza kuti mwina chapafupi."

"Muuzeni kuti imafika mabiliyoni awiri ndi kanthu. Apitirize, zidzukulu zake zidzamalizitsa." Anasekanso. "Mverani. Nambala imeneyo si ya ulemu, ndi yongosiyanitsira anthu. Kompyuta siidziwa wamkulu. Koma ngati mukufuna wani, tayani tebulo limenelo, pangani latsopano, musayese ndi dzina lililonse. Mayina muli nawo kale pa fulashi? Musawataipenso. Auzeni makina awakokere onse m'tebulo nthawi imodzi. Amene ali pamwamba atenga wani, basi."

Anandilongosolera pokanikiza, ndinalemba pa chikhatho. Ntchito imene inandidyera mlungu inali ya mphindi zochepa.

Apa ndi pamene ndikanayenera kuchita zimene ndauzidwa n'kupita kunyumba. Koma mtima utakhala pansi, ukatswiri unabwerera. Ndinati ndisanakoke mayinawa, ndione ngati Mayi Mwanza sanalembe munthu wina kawiri. Njira yachidule yoonera zimenezi ndinkaidziwa, imeneyi yokha ndinaimva bwino ku kosi: mumauza kompyuta kuti isanje mayina motsata alifabeti, ofanana n'kukhala moyandikana. Ndinasanja. Ndinapezadi a Tembo ena atalembedwa kawiri, ndinachotsa mmodzi, n'kudziyamikira kwambiri. Potseka, kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kusunga zimene ndasintha. Ine ikandifunsa chinthu ndimavomera. (Amene mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita, muli ndi nzeru kuposa m'mene ndinalili Lachisanu limenelo.)

Ndinapanga tebulo latsopano, ndinakoka mayina, ndipo pamwamba penipeni panaoneka chinthu chimene ndinachifunafuna mlungu wonse: 1. Pansi pake 2, 3, 4, kutsika bwinobwino ngati makwerero. Ndinayang'ana kolamu imeneyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, osaphonya nambala ndi imodzi yomwe. Kolamu yoyandikana nayo, ya mayina, sindinaiyang'ane. Sindingakuuzeni chifukwa chake. Munthu amene wasowa mbuzi mlungu wonse akaipeza sayang'ana mtengo umene yamangidwapo.

Loweruka ndinathamangira m'tauni ku kasitolo kopulinta. Kunali anthu ambiri a makadi a ukwati, ndipo mayi wa pamenepo anati ndisiye fulashi ndibwere masana. Nditabwerera ndinapeza makadi onse atakutidwa kale ndi pulasitiki, atasanjidwa mu katoni, katoniyo ataimata ndi tepi.

"Simutsegula muone?" anafunsa.

"Ndawapanga ndine," ndinatero.

Lamulungu tchalitchi linadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kunabwera alendo a mipingo ina, kwaya inavala zatsopano. Apongozi anga anavala suti yawo yakuda imene imatuluka pa maukwati a ana awo okha, ndipo anakhala kutsogolo ndi apongozi aakazi. Ine anandikhazika pafupi ndi guwa, pampando wa alendo olemekezeka, ndipo abusa ananditchula dzina kuti ndiimirire anthu andione. Ndinaimirira, ndinakweza dzanja. Zimenezi ndimazikumbukira bwino kwambiri.

Ulaliki utatha, abusa anadula tepi ya katoni. "Tiyamba ndi nambala wani," anatero, "ndipo ndikhulupirira kuti palibe amene sakudziwa khonde limene mpingo uno unabadwira."

Anthu anaomba m'manja. Apongozi anga anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kutuluka pa benchi kukaima pakati pa kanjira. Abusa anatulutsa khadi loyamba. Analiyang'ana. Analitalikitsa pang'ono, anavula magalasi, anawavalanso. Kenaka anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinawagwedezera mutu mowalimbikitsa. Abusa athu ndi munthu amene amawerenga zimene zalembedwa.

"Nambala wani. A Abel Banda."

A Abel Banda amagulitsa nsapato zovalidwa kale, za salaula, mu msika wa Kapata. Anali atalandiridwa mumpingo miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, ndipo aliyense ankadziwa kuti chimene chinawabweretsa poyamba ndi mayi wina woimba mu kwaya. Anali atakhala kumbuyo.

"Ine?" anafuula. "Ine wani? Ah, Mulungu ni wabwino!"

Anabwera chovina kanjira konse, anawazungulira apongozi anga ngati akuzungulira mtengo, analandira khadi ndi manja awiri n'kulikweza m'mwamba. Amayi ena analiza nthungululu chifukwa cha chizolowezi, kenaka n'kuzidula pakati.

Abusa, poganiza kuti mwina khadi limodzi langosokonekera, anatulutsa lachiwiri msangamsanga. A Agnes Banda. Lachitatu, a Alick Banda. Pofika pamenepo a Banda onse a m'tchalitchi anali atazindikira kuti tsiku ndi lawo, ndipo anayamba kuimirira okha asanaitanidwe. Panalibenso poimitsira. Khadi limene munthu walandira akuvina simungamulande pamaso pa alendo.

Apongozi anga sanakhale pansi. Anali ataimirira kuti alandire khadi, ndipo munthu ngati iwo akaimirira pa chifukwa, sakhala chifukwacho chisanachitike. Anaika manja kumbuyo, anayang'ana kutsogolo, n'kuima pakati pa kanjira monga ankaimira pa mzere wa ana a sukulu m'mawa. A Banda anatha. Anadutsa a Chirwa, a Daka, a Jere, a Lungu, a Mbewe, a Mwale, aliyense akupendekeka ndi kuwerama pang'ono powadutsa. Mkulu wina anabwera ndi mpando, iwo sanauyang'ane n'komwe. Titafika pa a Phiri, dzuwa linali litasuntha kuchoka pawindo lina kupita pa lina, ndipo kwaya inayamba kuimba chapansipansi kuti anthu asagone.

Ine ndinali pampando wa olemekezeka, moyang'anizana ndi mpingo wonse, popanda pobisala. Ndinawerengera alifabeti mumtima, ndipo ndinadziwa kumene tikupita. Zulu. Zakeyo. Makolo awo akanawatcha Abraham zikanachepako.

A Sakala ataitanidwa anaimirira mosafulumira. Nawonso nambala thu inali itawathawa, anali m'mazana awiri ndi kanthu, koma nkhope yawo sinaonetse kudandaula kulikonse. Atafika pa apongozi anga anaima.

"Pepani a Zulu, ndidutseko," anatero ndi mawu aulemu koma omveka mpaka kukwaya. "Musadandaule, ndidzakuuzani m'mene kulili kutsogoloku."

Anadutsa a Tembo, anadutsa a Zimba. Kenaka a Zulu onse, ndipo ndi ambiri: adzukulu awo, ana awo aamuna, apongozi anga aakazi amene anadutsa mwamuna wawo atayang'ana pansi. Pomaliza mu katoni munatsala khadi limodzi.

"A Zakeyo Zulu," anatero abusa. Nambala sanaitchule.

Apongozi anga anayenda mpaka kutsogolo, analandira khadi, analiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuchonga mayeso, n'kuliika m'thumba la pachifuwa. "Zikomo, abusa." Anabwerera pamalo pawo n'kukhala. Ine sanandiyang'ane, ndipo ndikanakonda akanandiyang'ana.

Kunyumba amake Dalitso sananene zambiri. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi anu ndi amene anakuuzani za alifabeti?" Ndinati iyayi, imeneyo inali nzeru yanga. Anati amaganiza choncho.

Mlungu wonse kunali chete. Kenaka unabwera uthenga pa foni, wa mpumiro pamalo pake, wondiitana ku Chiparamba Loweruka, ndekha. Ndinakwera minibasi ngati munthu wopita kukazula dzino. Ndinawapeza kumunda, atavala ovolosi ndi majombo, akubweza ng'ombe kuchokera kudambo. Tinapatsana moni, n'kumayenda limodzi pambuyo pa ng'ombezo.

"Makina aja angasinthe?" anafunsa.

Ndinafotokoza kuti angasinthe, koma tiyenera kutolera makadi onse kwa anthu n'kupanga ena. Ndinawonjezera, poti bodza linali litandikwana, kuti a Abel Banda alembetsa kale ndi penti pa benchi yawo ya nsapato kuti Nambala Wani, ndipo akuti malonda akuyenda.

Apongozi anga analoza ndi ndodo kutsogolo. "Mukuiona imene ikutsogolayo?"

Kanali kang'ombe kakang'ono kamawanga, kothamangathamanga.

"Kameneko sikadziwa kumene tikupita. Kakungothamanga." Anayenda pang'ono. "Mwini ng'ombe ali kuti?"

Ndinayang'ana uku ndi uku ndisanazindikire kuti funso ndi losavuta. "Ali kumbuyo, atate."

"Musasinthe kanthu," anatero. Anandipatsa thumba la mtedza kuti ndipite nalo kwa adzukulu awo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndimo m'mene ndinaganizira.

Lamulungu lotsatira anafotokoza za ng'ombe zija ku msonkhano wa amuna, ndipo m'mene anazifotokozera, ena anatuluka akukhulupirira kuti iwo ndi amene anandilamula kuti ndiwaike kumapeto. A Sakala anayamba kuoneka ngati munthu amene wagula chinthu n'kuzindikira mochedwa kuti mnzake wagula chabwino. Ine ndinapuma.

Patapita mwezi, kunabwera banja lina losamuka ku Katete, anthu abwino, ofatsa. Ndinawalemba mu detabesi, otonamba inachita ntchito yake, n'kuwapatsa manambala otsatira. Makadi awo anaperekedwa Lamulungu. Lolemba m'mawa foni inalira ndili kuntchito.

"Atate ake Dalitso."

"Atate."

"Ndamva kuti kumbuyo kwanga kuli anthu."

Ndinayesa kufotokoza kuti mpingo ukamakula ndiye kuti zinthu zili bwino, ndipo aliyense wobwera adzakhala kumbuyo kwawo, poti makina amangopita kutsogolo. Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu.

"Mwini ng'ombe sayenda pakati," anatero, n'kudula foni.

Choncho masiku ano, mpingo ukalandira mkhristu watsopano, ine ndimatsalira mu kaofesi, ndimawachotsa apongozi anga n'kuwalembanso kuti atenge nambala yomaliza, kenaka ndimapita m'tauni kukawapangira khadi lina. Mayi wa kasitolo kaja amangoti akandiona pakhomo, "A Zulu?" Aphunzitsi anga a kosi nditawauza anati zimenezi n'zosemphana ndi chifukwa chonse chimene nambalayo inapangidwira. Ndinawauza kuti apite akawafotokozere okha ku Chiparamba, minibasi zilipo.

Mungaganize kuti munthu amene zamuchitikira zoterezi amaphunzira kukana. Inenso ndinkaganiza choncho. Mwezi watha tinapita kukacheza kwa apongozi, ndipo apongozi aakazi, amene ndi wapampando wa amayi a Chigwirizano, anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankasankha nyemba. Anati amayi nawonso akufuna makadi awoawo, a manambala awoawo, ndipo agwirizana kuti ntchitoyi ndiigwire ine popeza ndazolowera.

"Ine sindili ngati atate anu," anatero osakweza mutu. "Kutsogolo sindikukufuna, kumbuyonso iyayi. Mundiike paliponse, bola ndikhale pamwamba pa Mayi Sakala."

Amake Dalitso anali ataima pakhomo la khitchini, akundipukusira mutu poyera, osabisa. Ndinawaona bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane mwaulemu, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Mukufuna mutalikirane nawo manambala angati, amayi?"